Sipika ya Kumanzere

9 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula kuzizira komwe sikumva kupepesa. Ndikulemba kalata popeza foni mumaikana, mumati imasandutsa mawu a munthu kukhala ngati akuyankhulira m'chitini.

Bambo, mwezi wamawa mukwanitsa zaka makumi anayi muli pagaraja. Ndinaganiza kuti munthu amene walera banja ndi makutu ake, kumvetsera mainjini a eni ake, ayenera tsopano kumva chinthu chokoma. Choncho ndakutumizirani ampulifaya ndi masipika awiri. Zili m'makatoni atatu ndipo zifika pa lole ya kampani yonyamula katundu. Makatoniwo musataye.

Musaione ngati wailesi. Ampulifaya ndi bokosi lomwe limalandira nyimbo kuchokera ku galamafoni yanu kapena ku makaseti, n'kuzipatsa mphamvu zokankhira masipika. Ena amagula mabokosi awiri, lina losankhira nyimbo, lina la mphamvu, koma yanuyi zonse zili pamodzi. Ndinatha miyezi inayi ndikusankha. Magazini ndinawerenga mulu. M'sitolo ndinamvetsera zisanu ndi ziwiri, nditatsinzina, mpaka wogulitsa anayamba kundipatsa tiyi. Inalipo ina ya mabatani ambirimbiri ndi timagetsi tothwanima, koma imeneyo ndi ya anthu omvera nyimbo ndi maso. Yanuyi ili ndi mabatani atatu okha: loyatsira, losankhira, ndi lokwezera mawu. Wogulitsa anandifotokozera kuti batani lililonse lowonjezera limadetsa mawu. Ndinamuuza kuti bambo anga amamva beringi ya m'galimoto yomwe idzafe mwezi wamawa, ndiye sindingawapatse zinyalala.

Tsopano kaikidwe kake, ndipo apa chonde mutsatire ndendende. Masipika atalikirane mamita awiri, asagunde khoma. Mpando wanu ukhale pakati, mamita awiri kuchokera ku sipika iliyonse. Waya wofiira ku chofiira, wakuda ku chakuda. Pamwamba pa ampulifaya pali timabowo topumira. Amayi asaikepo kansalu, ngakhale koluka bwino chotani. Mukakhala pamenepo mudzamva gitala kumanzere, ng'oma kumanja, woimba pakati penipeni ngati waima m'chipindamo.

Mundilembere zomwe mwamva, osabisa kanthu. Mawu a wina aliyense sindikuwafuna, ndikufuna anu.

Ine mwana wanu.

2 Epulo

A Profesa,

Moni wa kwanu kozizirako. Ife tili bwino, kapena tinene kuti tinali bwino mpaka Lachiwiri lapitalo pamene makatoni ako anafika.

Ndikuuze zomwe wachita. Kabati ya makapu ya Amayi, yomwe yakhala pabalaza chibadwire iwe, ili m'kolido. Munthu wopita kubafa amadutsa cham'mbali. Sofa ili kukhoma ngati yalakwa. Pakati pa balaza pali mpando umodzi, wa Bambo, ndipo pansi anajambulapo ndi choko pomwe miyendo yake iyenera kuponda. Anabwera ndi tepi ya kugaraja, anayeza katatu. Alendo akabwera amakhala m'mbali mondondozana ngati akudikira dokotala.

Kansalu Amayi anaikapo. Ndinachotsa. Anaikaponso, pamodzi ndi duwa la pulasitiki. Pano tagwirizana kuti kansalu kazikhalapo ampulifaya ikazima, ndiye Amayi amakhala tcheru kudikira kuti izime.

Lamlungu tinaitanidwa, ine ndi alamu ako, kudzamvera koyamba. Bambo anavala malaya oyera. Anaika lekodi ija ya magitala imene ankatidzutsa nayo tili ana, anakhala pampando n'kutsinzina. Kunena zoona, mlongo wanga, chinthucho chimaimba. Ndinamva ngakhale chala cha woimba chikutsetsereka pa nsambo. Amayi anagwira pachifuwa. Nyimbo itatha tonse tinayang'ana Bambo. Anatsegula maso, anati, "Sipika ya kumanzere ndi yofooka." Alamu ako, omwe anali atatsegula kale pakamwa kuti ayamikire, anati, "Eya, inenso ndimati ndinene zomwezo." Ukuwadziwa alamu ako.

Ndiye usakhumudwe ukalandira kalata yawo. Masiku ano mtima wawo suli m'malo. Mwini garaja wagula kompyuta yomwe amailumikiza ku galimoto n'kunena yokha chomwe chavuta. Amakaniko awiri achikulire awapumitsa kale. Bambo anawasiya chifukwa makasitomala akafika amati, "Tikufuna a Makutu aimvere." Dzina lija likadalipo, ndipo ndi lomwe likuwasunga pantchito. Bambo amati tsiku lomwe makutu awo adzaperewere, adzavula okha ovolosi, sadzadikira kuuzidwa. Amanena moseka, koma Amayi saseka nawo.

Ukamatumizanso zinthu, uzikumbukira kuti uli ndi mlongo, ndipo amavala nsapato nambala sikisi.

Ine mlongo wako wamkulu.

5 Epulo

Mwana wanga,

Tili bwino, kaya iwe. Katundu wafika wosasweka. Zikomo. Wawononga zambiri.

Unati ndisabise kanthu, ndiye nali lipoti.

Chitsulo chake n'chabwino, n'cholemera, zomangira zake si zachinyengo. Sichitentha kwambiri. Mabatani amazungulira mosalala. Mbali ya kumanja ikuimba bwino kwambiri, ng'oma ikumveka mpaka chikopa chake. Mbali ya kumanzere ikukoka, ngati injini yomwe pulagi imodzi yafa. Mawu aang'ono, monga mabelu ndi nsambo zopyapyala za gitala, sakutuluka n'komwe. Woimba amene unati adzaima pakati waima kumanja, pafupi ndi chitseko, ngati akufuna kutuluka.

Wailesi yathu yakale ija inali ndi batani lokankhira mawu mbali yomwe ukufuna. Pa iyi ndalifunafuna, palibe. Mwina linagwera m'katoni.

Sindikukudzudzula. Anthu ophunzira ndawaona ambiri akubwera pagaraja ndi galimoto yonyezimira yomwe wogulitsa anawalumbirira kuti ilibe vuto. Undiuze ngati ndingatsegule ndekha ndione m'kati.

Ine bambo ako.

24 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni nonse kunyumba. Kalata yanu ndalandira ndipo ndaiwerenga kangapo. Chonde, chonde, musatsegule. Mukangomasula sikuluwu imodzi, a kusitolo sadzailandiranso.

Batani mukunenalo silinagwe. Kulibe dala, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ndinaisankhira. Ampulifaya imeneyo ndinaimvetsera ndekha ndisanaipakire, mbali zonse zinali zofanana. Koma makutu anu sanganame, ndiye china chake chinachitika panjira kapena polumikiza. Tichite monga munkandiphunzitsira pa galimoto: kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi.

Choyamba, kumbuyo kwa ampulifaya sinthanitsani mawaya, wa kumanzere upite kumanja, wa kumanja upite kumanzere. Kufookako kukasamukira kumanja, yolakwa ndi ampulifaya, ndipo wogulitsa uja adzandidziwa. Kukakhala komweko, ampulifaya ilibe mlandu.

Chachiwiri, nyamulani masipikawo muwasinthanitse malo. Alamu akuthandizeni, ndi olemera. Kufooka kukatsatira sipika, yolakwa ndi sipika.

Chachitatu, chotsani mawaya onse muike atsopano omwe ndatumiza ndi kalata ino. Mukatero yesaninso malekodi ena ndi makaseti, mwina lekodi ya magitala ija yangokalamba.

Chimodzi mwa zimenezi chiyenera kugwidwa basi. Palibenso china chotsala.

Za kansalu ndamva. Ndilibe mawu.

Ine mwana wanu.

15 Meyi

Mwana wanga,

Tili bwino, kupatula alamu ako amene akuyenda chowerama chifukwa cha masipika ako.

Mayeso ndachita onse, ndipo ndabwereza. Kusinthanitsa mawaya: kumanzere. Kusinthanitsa masipika: kumanzere. Mawaya atsopano: kumanzere. Malekodi asanu, makaseti anayi: kumanzere. Ndinawonjezera anga. Ndinapukuta mapulagi ndi sandipepa, ndinasintha soketi, ndinazimitsa firiji. Kumanzere.

Zaka makumi anayi sindinaonepo vuto lokana kusuntha chonchi. Kugaraja vuto likawakanika onse amaitana ine. Nanga pano ndiitane ndani? Amayi ako ndikawafunsa amati iwo nyimbo sazidziwa, chonsecho ndinawapeza akutsogolera kwaya. Maganizo anga ndi akuti chinthuchi anachipanga ndi matenda obisika, ndipo wogulitsa wako wa tiyi uja ankadziwa.

Kuntchito zili bwino. Sabata yatha kompyuta inati galimoto ya dokotala wa mano ilibe vuto. Ine ndinagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, ndinati ndi pampu ya madzi. Inali pampu ya madzi. Abwana anangolowa mu ofesi.

Ngati pali mayeso ena, tumiza. Chinthu sichingandigonjetse m'nyumba mwanga.

Ine bambo ako.

3 Juni

Achemwali,

Moni, ndipo alamu muwapepesere za msana. Nsapato zikubwera, musandikumbutsenso.

Mutu wanga waima. Ndinapita kusitolo ndi kalata ya Bambo m'manja, ndinamuwerengera wogulitsa uja mzere ndi mzere. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti bambo anga ali ndi zaka zingati. Ndinamufunsa kuti zaka za bambo anga zikukhudzana bwanji ndi katundu wake wowola. Tinakwezerana mawu, makasitomala ena anatuluka. Tiyi sanandipatse, ndipo sindikuganiza kuti ndidzalowamonso.

Nkhaniyi yandidya, Achemwali. Inu mukudziwa kuti chibadwire Bambo sanandiuzepo kuti ndachita bwino. Nditakhoza mayeso anati sukulu yafewa masiku ano. Ndinkafuna kamodzi kokha akhale pampando anene kuti, "Apa mwanayu wasankha."

Ndithandizeni zinthu ziwiri. Pezani wokonza mawailesi wodziwa ntchito, abwere ndi mita yake ayeze mbali zonse, koma asatsegule. Chachiwiri, khalani pampandopo inuyo Bambo kulibe, mundiuze zomwe mukumva. Ndikudziwa kuti makutu anu ndi a mphunzitsi, anazolowera phokoso, komabe ndi makutu.

Ine mlongo wanu.

20 Juni

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Sindilemba kawirikawiri, ukhululuke zilembo. Tili bwino. Kodi ukudya? Pa chithunzi chija waonda.

Chinthu unatumiza n'chabwino, ndimachipukuta tsiku lililonse. Koma ndikukupempha, usatumizenso mayeso. Bambo ako akaweruka sakhalanso pakhonde kucheza ndi anthu, amangofikira kumbuyo kwa masipika ndi tochi. Chakudya chimazizira. Dzulo anandifunsa katatu ngati ndikumva mabelu kumanzere, ine ndinati ndili ndi chimfine. Chimfine chimenechi ndakhala nacho kuyambira Epulo, ndatopa nacho.

Uwalembere kuti zinthu zimenezi zimatero, mbali imodzi imachedwa kuzolowera nyumba. Iwe adzakukhulupirira, uli ndi mapepala. Ukatero nkhani itha. Si vuto lililonse lomwe limafunika kupezeka.

Usawauze kuti ndakulembera.

Mayi ako.

21 Juni

A Profesa,

Moni. Kalata iyi uwerenge utakhala pansi, ndipo ukatha uing'ambe.

Wokonza mawailesi ndinabwera naye Loweruka. Anayeza ndi mita yake kumanzere, anayeza kumanja, singano inaima malo amodzimodzi. Anati, "Bwana, chinthuchi chili bwinobwino, ndipo ine sindinagwirepo chokoma chonchi." Bambo anamuyang'ana momwe amayang'anira munthu wobwera ndi injini yopanda oilo. Anamukhazika pampando, anaika lekodi, anati, "Mvetsera bwino, iwe." Tsono munthuyu galimoto yake amamukonzera ndi Bambo, ndiponso Amayi anali ataima kumbuyo kwa Bambo akumutsinzinira diso. Anamvetsera, anati, "Koma zoona, kumanzereku kukukoka pang'ono. Mita yangayi ndi yakale." Ndinamuperekeza mpaka pageti. Pamenepo anandifunsa kuti, "Mayi, m'nyumba muno mukusewera chiyani?" Ndinamuuza kuti ayende bwino.

Wandifunsa zomwe ndikumva. Pampandopo ndinakhala. Gitala kumanzere, ng'oma kumanja, woimba pakati, mabelu onse alipo. Unasankha bwino, mlongo wanga. Ndikukuuza ine popeza amene umafuna kuti akuuze sangathe.

Wasintha mawaya, wasintha masipika, wasintha malekodi. M'chipinda chija chatsala chinthu chimodzi chomwe sunasinthe, ndipo chimakhala pampando. Khutu la kumanzere la Bambo linafa, kapena latsala pang'ono. Amayi akuti akhala akudziwa kwa zaka ziwiri. Ine ndinadziwa tsiku la malaya oyera lija, ndipo ndinapita kubafa, cham'mbali, kukalira. Eni ake sakudziwa. Linapita pang'onopang'ono, ndipo m'nyumba muno munalibe chinthu chofunsa khutu lililonse palokha, mpaka iwe ndi miyezi yako inayi ya magazini unawagulira.

Ukudziwa chimene chingachitike. Akadziwa sangabise, si anthu otero. Adzapita okha kwa abwana awo kukanena, ndipo abwanawo, ndi kompyuta yawo, akungodikira chifukwa. Uganize Bambo opanda ovolosi, Lolemba m'mawa, atakhala pabalaza manja lende. Ukaganiza zimenezo umvetsa chifukwa chake Amayi akudwala chimfine chosatha. Chonde, mayeso basi.

Nsapato zafika. Ndi nambala faifi.

Ine mlongo wako.

8 Julaye

Okondedwa Bambo,

Moni nonse. Kwa Achemwali sindinamve kanthu, kaya wokonza mawailesi anabwera. Ndamva mphekesera kuti chakudya chikumazizira chifukwa cha ine, pepani. Wina anandipempha kuti ndikuuzeni zoti masipika amachedwa kuzolowera nyumba. Sindingakunamizeni pa nkhani ya makina, mungandigwire pomwepo.

Koma Bambo, ndapeza! Vuto si ampulifaya, si masipika, si mawaya. Ndi chipinda. Kumanzere kwa mpando wanu kuli zenera ndi katani yokhuthala ija, kumanja kuli khoma lopanda kanthu. Nsalu imameza mawu aang'ono, khoma limawabweza. N'chifukwa chake mabelu akusowa. Zili m'magazini, ndipo ndadzimenya pamphumi kuti sindinaganize msanga.

Awa ndi mayeso omaliza, ndipo safuna msana wa alamu. Tembenuzani mpando wanu pomwepo pa choko, mufulatire masipika. Ikani lekodi ya magitala ija. Tsopano zenera lili kudzanja lanu lamanja. Mudzaona kuti kufooka kwatsala kuzenera komweko, ndiye kuti inu mudzakumva kumanja. Zikatero tagwira wakuba: chotsani katani, nkhani yatha. Sikungatsatire inu ayi, chifukwa chipinda sichitembenuka ndi mpando.

Ndikudikira yankho. Ulendo uno ndikudziwa kuti ndalasa.

Ine mwana wanu.

12 Julaye

Achemwali,

Kalata yanu ya pa 21 Juni yafika lero. Munalemba adiresi yanga yakale, ndiye inakazungulira kaye. Ya Amayi inafika yokha, ndipo ine chitsiru ndinaiwerenga ngati dandaulo la chakudya chozizira.

Masiku anayi apitawo ndatumiza kalata kwa Bambo. Isawafike. Envelopu yake ndi ya buluu. Itengeni, iotcheni, chitani nayo chilichonse. Foni yanu ndaimba kasanu, yazima. Kunyumba ndinaimba, Amayi anati Bambo ali pambali pawo, ndiye tinakambirana za mvula. Iyi ndatumiza pa positi yachangu.

Wogulitsa uja anandifunsa zaka za Bambo, ine n'kumutukwana. Ndinkangofuna kuwapatsa mphatso.

Ine mlongo wanu.

30 Julaye

Mlongo wanga,

Moni. Foni inazima chifukwa ndinali kochonga mayeso, komwe mafoni amatilanda pageti. Ndabwera Lachisanu n'kupeza kalata yako yachangu pansi pa chitseko. Inathamanga ndithu, koma ya buluu inali itafika kale. Kiyi wa bokosi la kupositi amasunga ndi Bambo, ukudziwa.

Ine kunalibe, izi ndauzidwa ndi Amayi. Bambo anawerenga kalata ataimirira, anaseka, anati, "Mwanayu wayamba kuganiza ngati makaniko." Anatembenuza mpando, miyendo pa choko, anaika lekodi. Amayi akuti anafuna kuthamanga kukazimitsa magetsi a nyumba yonse, koma nyimbo inali itayamba kale. Kufooka sikunatsale kuzenera. Kunatembenuka nawo. Nyimbo itatha anabwezera mpando kuyang'ana masipika, anabwereza nyimbo. Anatembenuzanso. Kanayi konse. Kenako anatseka khutu lamanja ndi chala, anakhala choncho mpaka singano inafika kumapeto kwa lekodi n'kumangokanda. Anadzuka, anazimitsa ampulifaya, anatenga kansalu ka Amayi n'kuyala okha pamwamba pake.

Anafunsa funso limodzi: "Mayi ake, chimfine chija chatha?" Amayi anati chatha. Anati, "Chabwino."

Chiyambire tsiku limenelo ampulifaya sinayatsidwe. Kuntchito akupita, koma dzulo anapempha Amayi kuti awachapire maovolosi onse awiri ndi kuwasita. Maovolosi ndi a kampani, munthu amabweza akamachoka. Amayi anasita akulira, ndipo ine ndinapinda.

Sindikukuimba mlandu. Ndinafuna kutero, ndinalemba tsamba lonse, ndinang'amba. Tonse tinanama kuti tiwateteze, iwe wekha ndiye unanena zoona, ndipo unanena osadziwa. Uwalembere. Usatchule mawaya.

Ine mlongo wako.

19 Ogasiti

Mwana wanga,

Tili bwino, kaya iwe. Kalata yako ya masamba asanu ndalandira. Pepani wachulukamo, ndipo sindikudziwa ukupepesa chiyani. Unasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi mpaka vuto linagwidwa. Ndi mmene ntchito imagwiridwira. Lipoti langa la mu Epulo ndalichotsa. Ampulifaya ilibe vuto. Wogulitsa uja ukamupepese.

Kuchipatala ndinapita. Ananditsekera m'kachipinda, anandiveka zomvera kumutu, anati ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Kumanja dzanja linatopa. Kumanzere linapuma. Adokotala akuti ndi zaka makumi anayi za mainjini, ndipo silibwereranso.

Lolemba lapitalo ndinakulunga maovolosi m'pepala, ndinavala jekete, ndinalowa mu ofesi ya abwana. Ndinati, "Bwana, munandilemba ntchito ndi makutu awiri, koma lomwe likugwira ndi limodzi. Sindinkadziwa. Nayu katundu wanu." Ndinali nditakonzeka kuti andigwire chanza n'kundiuza mawu abwino aja amauza nkhalamba.

Anandiyang'ana, anati, "A Makutu, la kumanzere lija? Limenelo tinalidziwa kalekale." Akuti zaka ziwiri zapitazo wina anandiitana katatu ataima kumanzere kwanga, kompulesa yopopera mpweya ikulira, ine osatembenuka. Atazungulira mbali inayo ndinayankha kamodzin'kamodzi. Kuchokera pamenepo anagwirizana onse. Galimoto yofuna kumveredwa amaiimika cha kukhoma, kuti ndikafika injini ikhale kumanja kwanga. Kompulesa anaisamutsira kumanzere, ine ndinkati n'chifukwa cha soketi. Makasitomala amawanong'onezeratu pageti mbali yoti aime. Ngakhale mayi wogulitsa tiyi amadziwa. Abwana anati, "Khutu lanu limodzilo laigonjetsa kompyuta yanga kanayi chaka chino. Valani ovolosi, pali lole ikudikira." Ndinavala. Inali beringi.

Ndiye ntchito ilipo, amene akudandaula uwauze. Ampulifaya ndayatsanso. Masipika onse awiri ndawaika kumanja, imodzi pamwamba pa inzake. Ndikudziwa kuti magazini ako salola. Kabati ya amayi ako yabwerera pabalaza, sofa yabwerera, ndipo ndikaweruka timamvera tonse, aliyense pomwe wakhala.

Koma ndikuuze chomwe chikundiwawa, popeza iwe wekha ndiye sunandinamize. Si khutu ayi. Nditatuluka mu ofesi muja ndinayamba kuyang'ana anthu. Amakaniko anzanga, makasitomala, mlonda wa pageti, amayi ako patebulo: aliyense akafuna kundiyankhula amazungulira kaye n'kudzaima kudzanja langa lamanja. Zaka ziwiri zathunthu. Ine ndinkaona zimenezi, ndipo mumtima ndinkati anthu ayamba kundipatsa ulemu.

Ukadzabwera, udzaime kumanzere. Ndidzatembenuka ndekha.

Ine bambo ako.